Bokosi la Magadalena

A Vinsenti anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pa fakitale ya matabwa ya a Benedicto, m'munsi mwa phiri la Dedza, ndipo zaka zonsezo sanalonjezepo munthu ola. Ukabwera ndi matabwa ako kudzapalitsa, n'kufunsa kuti udzawatenge nthawi yanji, iwo ankanyamula thabwa limodzi, kulinunkhiza, kuligogoda ndi chala, kenako n'kukuyankha kuti, "Likalola, lero. Likakana, mawa." Ambiri ankachoka akung'ung'udza kuti mdala ameneyu ndi wamatama. Koma ankabweranso ndithu, chifukwa a Vinsenti akati mawa, silinkasanduka mkuja.

Matabwa anawadziwira m'dzenje. Atalekeza sukulu sitandade 5 ku Kasina, anakwera phiri kukacheka mitengo ndi sowo wa anthu awiri, wina pamwamba wina pansi. Popeza pagulupo aang'ono anali iwo, malo awo anali pansi, pomwe utuchi wonse umagwera. Zaka zisanu ndi chimodzi za utuchi zinawasiyira diso lamanzere lofiira mpaka ukalamba, moti osawadziwa ankayesa kuti amalawirira kachasu. A Benedicto atagula makina awo oyamba mu 1968 anawalemba ntchito, ndipo patapita zaka zinayi anawapatsa ukapitao.

Fakitaleyo inali ndi makina atatu, ochekera amodzi ndi opalira awiri. Opalira akalewo antchito anawatcha Mayi Busa, chifukwa ankayenda pang'onopang'ono, osalola kuthamangitsidwa, koma osakana munthu. Atsopanowo anawatcha Namwali: liwiro lokhalokha, koma ukawalakwira pang'ono ankanyanyala tsiku lonse. Ntchito ya a Vinsenti inali yonena kuti matabwa awa apite uku, awa apite uko, awa ayambe, awa adikire. Oonera patali ankati ndi ntchito ya munthu waulesi, yongoloza ndi chala. Otero ndi anthu omwe sanaimepo pafupi ndi makina opalira n'kumva mmene amalirira akameza thabwa laliwisi.

Paini wa m'phiri la Dedza alibe khalidwe limodzi. Thabwa louma bwino limadutsa mphindi ziwiri, n'kutuluka lili see. Linzake la mtengo womwewo, likakhala laliwisi, limatulutsa utomoni womata mipeni, makina n'kuima kuti atsukidwe ndi palafini. Lina labisa mfundo yobenthula mpeni. Lina mwini wake walizula padenga lakale, msomali uli m'kati, iye n'kumalumbira pali Mulungu kuti ndi latsopano. Tsiku lomwe zonsezi zakuchitira chifundo, magetsi amathima. Ndiye munthu wa mutu wake angaime bwanji n'kunena kuti ntchito iyi itha 10 koloko?

A Vinsenti anali ndi malamulo awo, osalembedwa paliponse. Ntchito yaifupi iyambe: mayi wa matabwa awiri a chitseko asaswere tsiku lonse kumbuyo kwa kontilakita wa matabwa zana. Ntchito yaitali yokayikitsa ipite kwa Mayi Busa, akalimbane nayo mpaka madzulo. Namwali azipatsidwa tintchito ting'onoting'ono tokhatokha, toti n'kutisiya nthawi iliyonse. Ndipo pamwamba pa mitanda ya denga pasamasowe matabwa ouma makumi awiri, omwe sankaloledwa kuwakhudza aliyense, ngakhale a Benedicto eni ake. Amenewo anali a mabokosi a maliro. Imfa silemba kalata, ndipo zaka zimenezo inkafika pageti kawiri kapena katatu pa mlungu, ndi matenda aja anthu ankachita manyazi kuwatchula. Anamfedwa akafika ndi chingwe chawo choyezera mtembo, a Vinsenti ankangokweza dzanja, Namwali n'kusiya zomwe akuchita. Pasanathe maola atatu bokosi lili pangolo.

Lamulo limeneli silinkaona nkhope. Nthawi ya chipani chimodzi, tcheyamani wina anabwera ndi matabwa a nsanja ya msonkhano, ndipo ali mkati mopalidwa panafika mayi wa ku Chimbiya ndi chingwe chachifupi, cha mwana. A Vinsenti anakweza dzanja. Tcheyamaniyo analalata, anafunsa khadi la chipani, anawaopseza kuti agona kupolisi. Iwo anangoti, "Nsanja ikhoza kudikira, bwana, mwanayu ayi," n'kupitiriza kuyeza. Antchito anagona akunjenjemera mlungu wonse, koma palibe anabwera kudzawatenga.

Kunyumba kunali a Magadalena, omwe anamanga nawo ukwati mu 1965, mayi wa kumudzi wina kuseri kwa Kasina. Ankagulitsa kachewere pamsika, ndipo anali aukhondo wotopetsa: ankasita ngakhale nsanza yopukutira tebulo. Pa ana anayi omwe anabereka panatsala mmodzi, Gloria, mphunzitsi wa pulayimale. A Magadalena okha ndiwo ankatha kuseka amuna awo pamaso. "Abambo a Gloria, mubwera nthawi yanji lero? Kapena ndikafunse thabwa?" A Vinsenti ankangomwetulira n'kukwera njinga. Ankawakonda mayiwo kwambiri, ngakhale mawu otero sankatuluka pakamwa pawo.

Chaka cha 1994, chija cha chisankho cha matipate, a Benedicto anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo mwana wawo Robin anabwera kuchokera ku Blantyre kudzayendetsa fakitale. Anabwera ndi dipuloma, tayi, ndi wotchi yowerenga masekondi. Tinene zoona, Robin sanali munthu woipa mtima. Ankapereka moni, sankatukwana wantchito, ku Misa sankajomba. Mwina akanakhala wankhanza zikanakhalako bwino, chifukwa wankhanza umadziwa pomuzembera. Vuto la Robin linali loti pepala likanena chinthu, maso ake ankasiya kuona.

M'mawa wina wa mu Ogasiti, kunja kuli gwa, mipeni itangonoledwa kumene, anaima pambali pa Namwali ndi wotchi yake n'kuyeza matabwa khumi. Anaphatikiza, anagawa, anapeza mphindi zitatu. Basi, kuyambira tsiku limenelo thabwa lililonse la pansi pa thambo linalamulidwa kutha mphindi zitatu. Anajambula tchati ndi rula, mizere yofiira ndi yabuluu, n'kuikhoma pakhoma: makina awa, ntchito iyi, kuyamba nthawi yakuti, kutha nthawi yakuti, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, popanda mpata wolowetsa ngakhale chala.

"Nanga pakabwera maliro?" anafunsa a Vinsenti.

"Alowe pamzere ngati wina aliyense, madala. Ino ndi nthawi ya matipate, tonse ndife ofanana. Zodumphitsana pamzere zinapita ndi boma lakale. Komanso makina ongokhala kudikira munthu amene sanafe n'komwe, kumeneko ndi kuwononga."

"Wakufa saima pamzere, bwana."

"Ntchito ina ikatha msanga, tiziwalowetsa pamenepo."

A Vinsenti anamuyang'ana mwana amene anamunyamulapo pamapewa kumuonetsa mmene lamba amazungulirira. Mkwiyo unayamba tsiku limenelo, ndipo madzulo alionse ankapita nawo kunyumba. Anthu anavota kuti boma lisinthe, inde, koma anamuuza Robin ndani kuti utomoni nawo unavota?

Kenako inabwera sukulu yaulere. Ana anakhamukira kusukulu mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo bungwe lina linapatsa fakitaleyo ntchito ya madesiki mazana asanu ndi limodzi, lole kumabwera Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse 4 koloko madzulo. Robin anaika madesiki pa makina onse, kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Matabwa ouma atatha anayamba kugula ongochekedwa kumene m'phiri, akudontha madzi. Pa tchati anali a mphindi zitatu basi. Ntchito ikachedwa ankati antchito akuchita ulesi. Zokayikira tchatiyo sizinamubwerere m'mutu ngakhale tsiku limodzi. A Vinsenti anakangana naye kawiri, ndipo kachitatu sanapeze nthawi, chifukwa a Magadalena anadwala.

Anayamba kutupa miyendo, kenako mimba. Mankhwala atalephera, mlongo wawo wamkulu, a Rafaelo, yemwe anali mwini mbumba, anabwera kudzawatenga kuti akadwalire kwawo. A Vinsenti anapempha tchuthi n'kutsatira. Anakhala kumeneko milungu itatu, mkamwini pamudzi wa eni, wosafunsidwa maganizo pa chilichonse, ntchito yawo kuwaza nkhuni ndi kutembenuza wodwala. A Magadalena anamwalira Lolemba lina la mu Novembala, dzuwa likulowa, kunja kukutentha, mvula ili pafupi.

Kutacha Lachiwiri, a Rafaelo anawaitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Alamu, amayi osambitsa akuti thupi latupa, silingagonenso. Tiika lero lomwe. Pamudzi pano pali mmisiri, ali ndi matabwa ake. Ndi osapala, koma pofika 11 koloko akhala atakhoma."

"Osapala?"

"Osapala. Akupita m'dothi awa, alamu."

A Vinsenti anamva ngati awamenya mbama. Anthu osawadziwa n'komwe anawagoneka m'matabwa osalala zaka zonsezi, ndiye mkazi wawo yemwe, wosita nsanza uja, akagone m'matabwa okhakhala ngati a khola la nkhunda?

"Bokosi ndi udindo wanga, alamu. Ndikapanga ndekha."

"Malo anu lero ndi pasiwa pano, osati pamsewu."

"Ndibwera msanga."

"Ndiye nenani nthawi, ndiuze adzukulu ayambe kukumba. Mukudziwa kuti kwathu kuno manda akakumbidwa sagona opanda mwini wake."

Anawerengera chamumtima. Kufika ku fakitale 9 koloko isanakwane. Matabwa ouma ali pa mitanda. Kucheka, mphindi makumi awiri. Kupala, theka la ola. Kukhoma, iwo ndi Anselmo yemwe ankayendetsa Namwali, ola ndi theka. Kunyamuka 12 isanakwane. Anaonjezerapo ola lathunthu la tsoka, kenako pakamwa paja pomwe panakana zaka zonsezo panatseguka.

"2 koloko ndili pano."

A Rafaelo anatembenuka n'kupita kukauza adzukulu.

A Vinsenti anapalasa njinga yobwereka mpaka pa tala, n'kukwera matola. Atalowa pageti la fakitale, antchito anazimitsa makina n'kubwera kudzapepesa, zipewa zili m'manja. Iwo ankayankha mwachidule, maso ali kudenga. Pa mitanda panalibe thabwa ngakhale limodzi.

"Analowa m'madesiki sabata yatha," ananong'ona Anselmo. "Ndinayesa kukana, a kapitao."

Mayi Busa nawo anali zii, atafunditsidwa chiguduli. Lamba wawo anaduka Lachinayi atakakamizidwa matabwa aawisi mlungu wonse, ndipo wina ankadikiridwa kuchokera ku Lilongwe. Panatsala Namwali yekha, pambali pake mulu wa matabwa makumi anayi a pamwamba pa madesiki, oyenera kukwera lole ya 4 koloko tsiku lomwelo.

Robin anatuluka mu ofesi n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri, misozi ikulengeza, yeniyeni.

"Pepani madala, pepani kwambiri. Amayi aja anandilera ine. Matabwa tengani alionse mukufuna, aulere. Galimoto ndipeza, ikakutulani mpaka kumudzi."

"Zikomo, bwana. Ndikupempha Namwali theka la ola. Ndi zidutswa zisanu ndi zitatu zokha."

Robin anayang'ana kukhoma.

"Apa ndiye pali kavuto. Mipeni taitchera pa muyeso wa madesiki. Kusintha ndi mphindi makumi awiri, kubwezera makumi awiri enanso, ndiye lole itipeza tisanamange. Koma taonani apa: matabwa makumi anayi, mphindi zitatuzitatu, tikutha 11 koloko. Ikangokwana 11, makina ndi anu. Mufikabe nthawi yabwino."

A Vinsenti ananyamula thabwa limodzi pamulupo. Linali lolemera, lozizira, ndipo chala chinamatirira.

"Awa satha 11, bwana. Awa ndi a madzulo."

"Takhala tikuchedwa chifukwa anthu sachita changu. Lero ndiima pomwepo ine mwini."

Apa ndi pomwe a Vinsenti akanayenera kumukankhira kumbali mwanayo n'kuzimitsa makina ndi dzanja lawo. Antchito onse akanawaikira kumbuyo. Koma namfedwa sakangana ndi anthu mtembo uli m'nyumba, ndipo munthu amene wangokupatsa matabwa ndi galimoto, misozi ili m'maso, umayambira pati kumukalipira? Ulemu umenewu ndi umene umatipha ife. Komanso, ndipo ichi ndi chimene sanadzikhululukire mpaka imfa yawo, kamtima kena kankati mwina lero lokha pepala linena zoona. Anasankha matabwa ouma pang'ono, anawacheka pa msinkhu wa a Magadalena, womwe sunafune chingwe, n'kuwaimika pafupi ndi Namwali. Kenako anakhala pa chipika kudikira.

Pamene 11 koloko inkakwana, matabwa 19 anali asanalowe.

"Ola limodzi lokha, madala," anatero Robin, wotchi ili m'manja.

Posakhalitsa Namwali anasintha kaliridwe, fungo la utomoni wopsa linadzaza m'nyumba monse, ndipo anaima. Kumasula, kutsuka ndi palafini, kumanganso. Hafu pasiti 12 anali atatsala khumi ndi limodzi. Anselmo anabwera n'kunjuta pambali pa a Vinsenti.

"A kapitao, tiyeni tingokhoma chomwechi osapala, mudzipita. Tikuta ndi nsalu, yakuda kunja yoyera m'kati. Palibe aone."

"Ine ndiona. Atsala khumi ndi limodzi okha."

Awa anali mawu a munthu amene zaka zonse ankaphunzitsa antchito kuti "atsala ochepa" ndi bodza la makina, kuti thabwa lomaliza ndi lomwe limathyola mpeni. Ankadziwa, ndipo chowawa chake ndi chimenecho. Koma wadikira kale maola atatu ndi theka, ndiye uchoke patatsala pang'ono? Umu ndi mmene munthu amakodwera: ola lililonse lomwe wataya limamuumiriza kutayanso lina. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Mphindi makumi awiri zitadutsa pa 1 koloko, atatsala anayi, panamveka phwa. Mfundo. Thabwa linatuluka ndi mzere wokumbika kuyambira kumutu mpaka kumchira, mpeni utabenthuka. Kuchotsa mipeniyo n'kumanga ina kunkafuna mphindi makumi anayi. Robin anayang'ana wotchi, anayang'ana tchati, n'kunena ndi mawu achifundo kwambiri kuti, "Zikangotha izi, anayi otsalawa ndi mphindi khumi ndi ziwiri zokha."

A Vinsenti anaimirira.

"Iwe Robin."

Antchito onse anacheuka, chifukwa chibwerereni mwanayo ku Blantyre sanamutchulepo iwe.

"Mkazi wanga akuwola m'nyumba. Manda ali yasa. Madesiki ako akachedwa, ana akhala pansi mpaka Lachisanu, monga akhalira kale. Nanga Magadalena adikire Lachisanu liti? Unayeza matabwa khumi tsiku limodzi n'kudziyesa wadziwa phiri lonse. Ine ndinameza utuchi wa phiri limenelo iwe usanabadwe, ndipo mpaka lero sindilidziwa. Safunsa adadya phula, koma iwe phula lakolo ukudyetsa ine."

Anapita kukhoma, anathothola tchati ija, n'kuiponya mu utuchi. Patapita kanthawi Robin anauza Anselmo chapansipansi kuti, "Mukamanga mipeniyo, tcherani ya bokosi."

Mipeni inatha kumangidwa 2 koloko yeniyeni, ola lomwe a Vinsenti analonjeza kuti akhala atafika. Kumudzi kunalibe foni, kunalibe njira yotumizira mawu. Ankadziwa kuti nthawi imeneyo adzukulu atuluka kale m'dzenje, akhala pa milu ya dothi, ndipo a Rafaelo ayamba kupita kumsewu n'kubwerera. Zidutswa zitatu zinadutsa bwinobwino, zosalala. Chachinayi chili pakati, magetsi anathima.

Anselmo anatsegula bokosi la zida n'kutulutsa zopalira za pamanja. Koma paini wamuwisi salola kupalidwa pamanja. Amang'ambika m'malo mosalala, chopalira n'kumatsamwa pa kukoka kulikonse. Antchito onse anasiya madesiki n'kuzungulira mabenchi, awa kupala, awa kunola, awa kuwongola misomali. Robin anavula tayi n'kugwira nsonga ya thabwa lomwe a Vinsenti ankapala, thukuta likudontha. Chifundo chimenechi chikanabwera 9 koloko m'mawa, chikanangomudyera ola limodzi ndi mphindi khumi. A Vinsenti sanamuyang'ane n'komwe. Lole inafika 4 koloko, inapeza madesiki asanamangidwe, n'kubwerera yopanda kanthu, choncho ngakhale chomwe Robin ankateteza tsiku lonse sanachipeze.

Msomali womaliza unalowa 4 koloko itadutsa ndi mphindi makumi awiri. Tisabise, bokosilo linali lokongola. Ngodya zake zinalumana popanda kampata, ndipo ukayendetsa dzanja pachivindikiro sunkamva pomwe thabwa lathera. A Vinsenti analikweza m'galimoto yomwe Robin anapeza, anakwera kumbuyo pamodzi nalo, n'kutuluka pageti osatsanzika. Pageti limenelo sanadzalowenso. Zaka zisanu zotsala za moyo wawo anakazithera kwa Gloria, kulima kabichi kudimba, ndipo Robin atatuma anthu kawiri kudzawanyengerera, anawabweza asanakhale n'komwe pansi.

Kumbali ya Kasina kunali kutada bii. Mvula inawapeza atangosiya tala, yoyamba ya chaka chimenecho, yogwa ngati yakwiya nayo. A Vinsenti anafunditsa bokosi lona, pamwamba pake jekete lawo, iwo n'kumanyowa. Galimoto inatitimira m'matope kawiri, ndipo kawiri konse anatsika n'kukankha pamodzi ndi anthu odutsa. Anafika 6 koloko itatsala pang'ono, mvula itakata.

Pa masamba oyalidwa pamsewu osonyeza maliro panaima a Rafaelo, dzanja lili m'mwamba. Kumbuyo kwawo anthu ankabwerera m'timagulu, matope mpaka m'mawondo. Adzukulu anali atasenza makasu ndi mafosholo. Nyimbo zinali zitatha kale.

"Taika, alamu."

"Mwaika mu chiyani?"

"Mu mphasa." A Rafaelo sanakweze mawu. "Tinadikira mpaka hafu pasiti 4. Mmisiri uja ndinamuletsa m'mawa chifukwa cha mawu anu. Madzi anayamba kulowa m'manda, adzukulu anati sangadikirenso. Mlongo wanga ndamuika mu mphasa ngati wosowa abale, mwamuna wake ali kapitao wa matabwa. Anthu a midzi itatu aona."

A Vinsenti anatsika m'galimoto.

"Ndipo bokosi ili lisadutse masambawa," anapitiriza a Rafaelo. "Lopanda munthu likalowa m'mudzi limaitana wina."

Mwini galimoto anapepesa kuti iye ayenera kubwerera msewu usanaipiretu, ndipo bokosi lopanda munthu sangayende nalo yekha. Analitsitsira pa udzu m'mphepete mwa msewu. Anthu odutsa ankalilambalala patali, amayi akukokera ana mbali inayo.

Gloria anabwera, chitenje chili chonyowa, maso otupa. Bokosilo sanaliyang'ane.

"Bambo, akatekisi anakuitanani katatu kuti muponye dothi loyamba. Anthu onse anatembenuka kukufunani. Ndaponya ndine."

"Ndimafuna amayi ako agone pabwino."

"Ndikudziwa. Tiyeni mukaone pomwe agona, kusanade."

A Vinsenti sanasunthe msanga. Anali atakwiya kwambiri, kukwiyira Robin, tchati yake, magetsi, phiri ndi paini wake, koma pomwe mkwiyo wonsewo unkathera panali pa iwo eni. Anaitana mdzukulu mmodzi n'kumupempha nkhwangwa. Anayamba ndi chivindikiro. Paini wamuwisi sasweka msanga, ndipo nkhwangwa inkakanirira m'thabwa. Ankaizula ndi phazi n'kutemanso, osalira, mpaka pa udzupo panangotsala zidutswa zosathandiza ngakhale pamoto. Palibe anawaletsa. Anabweza nkhwangwa, anathokoza mwini wake, n'kutsatira mwana wawo.

Manda anali kumapeto kwa msitu, mtumbira watsopano wofiira, nkhata za maluwa zitagonekedwa ndi mvula. Gloria anaima chapatali. A Vinsenti anagwada m'matope, anatapa dothi ndi dzanja lotupa matuza, n'kukhala nalo kanthawi akuyang'ana uku ndi uku. Poponya panalibenso. Anangoliika pamwamba pa mtumbirapo, chakumutu, n'kulisalaza ndi chikhatho.